Mwezi Sunaoneke Lachinayi

Kum'mawa kukangoyamba kufiira, a Elias Sankhani ankakhala atavala kale ovolosi ndi jombo zawo. Ankapemphera chiimire pakhomo, mawu ochepa chabe, kenaka n'kukwera njinga kulowera ku bwalo la ndege la Chileka. Ntchito yawo inali yopirikitsa mbalame. Ndege yoyamba isanatere, iwo ankayenda m'mphepete mwa msewu wake, wenzulo ili pakamwa, chitini cha miyala chili kumanja, kudzutsa akakowa ndi akhwangwala ogona mu udzu, chifukwa mbalame ikalowa mu injini zimakhala zina. Nyumba yawo inali pafupi ndi mpanda, choncho akazi awo a Leah ankaimva wenzuloyo akusesa pabwalo. Ikalira ankadziwa kuti bambo afika bwino, ndipo ankanyamula ndowa kupita ku mjigo.

A Elias anabadwira ku Mdeka. Sukulu anailekeza panjira bambo awo atamwalira, koma kuwerenga sanakusiye. Nyuzi zimene apaulendo ankataya pabwalo la ndege, kapepala ka m'botolo la mankhwala, zolemba za pa thumba la feteleza, zonse ankaziwerenga mpaka pansi. Chinthu chikakhala chodindidwa ankachilemekeza. Ku mpingo, kumene anali mkulu, anthu ankawadziwa ndi funso limodzi: "Mwaziwerenga pati zimenezo?" Funsoli linaduladula miseche yambiri, ndipo linawadanitsanso ndi anthu angapo.

Mwana wawo Tikondane atayamba ntchito ku Lilongwe anawagulira foni yaikulu. M'menemo ndi mmene anapezamo buku lina la pa intaneti, limene anthu amalemba mongodzipereka, aliyense pa zimene akudziwa. Mbali ya Chichewa inali ndi anthu ochepa kwambiri. Pa tsamba loyamba panali kabokosi kamutu wakuti "Kodi mukudziwa?", ndipo tsiku lililonse munkatuluka mfundo imodzi yodabwitsa ndi chithunzi chake. Lamulo linali lakuti wolemba mfundo asadziunike yekha. Pankafunika munthu wina woti aone ngati ndi zoona, apeze buku limene likuchitira umboni, kenaka aipatse tsiku lake lotulukira. Ntchito imeneyi inalibe mwini, ndiye a Elias anaitola.

Akaweruka ankakhala pansi pa mango ndi foni yawo, magalasi ali pamphuno. A Leah ankati umenewo ndi munda wachiwiri, wolima osakolola. Komabe iwo ndiwo anali sikelo. A Elias ankawawerengera mfundo iliyonse iwo akupeta kapena akusenda nandolo. Manja akapitiriza ntchito, ndiye kuti mfundoyo ndi yozizira. Lichero likaima, a Elias ankamwetulira n'kuyamba kuifunira tsiku.

Kugawa masikuko ndi kumene ankakukonda koposa. Sankangoponya. Mfundo yakuti adokowe ena amachokera ku Ulaya anaisunga mpaka mvula yoyamba itagwa, mbalamezo zitadzaza pabwalo la ndege n'kumawavutitsa. Yakuti chimanga chinachokera ku Mexico anaiika sabata yodzala, ndipo Lamulungu lake mkulu mnzawo anawaimitsa pakhomo la tchalitchi n'kuwafunsa ngati ayamba kumwa. Ankakonza masabata angapo pasadakhale, akuyang'ana kalendala ya pakhoma imene ankalandira chaka ndi chaka ku golosale. Akaika, tsambalo linkasintha lokha kukamacha, iwo ali pakati pa mbalame.

Mfundo zambiri zinkachokera kwa Che Mahamudu, telala wa pa khonde la sitolo ina pamsika wa Chileka. Anadziwana chifukwa cha ovolosi yong'ambika pa waya. Che Mahamudu ankasoka wailesi ili pambali, ndipo akamva chodabwitsa ankaimitsa makina n'kuchilemba pafoni nthawi yomweyo. Iwo ankatcha a Elias kuti Abusa, a Elias n'kumawatcha Shehe, ngakhale panalibe mbusa kapena shehe pakati pawo.

"Abusa, ya nyamalikiti ija mwaikaniranji?"

"Sindinaikane. Ndati bweretsani buku."

"Mafupa a m'khosi mwake ndi ofanana chiwerengero ndi anuwo. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Makutu anuwo anadindidwa chaka chanji?"

"Alamu, mwamva?" Che Mahamudu ankatembenukira kwa a Leah. "Munthu uyu tsiku la chiweruzo adzafunsa mngelo kuti waziwerenga pati."

Buku linapezeka, nyamalikiti anatuluka, ndipo Che Mahamudu anaonetsa foni kwa aliyense wobwera kudzayesa thalauza tsiku limenelo. Kunyumba kwa a Leah kunali poto mmodzi amene sanaphikidwepo nyama ya nkhumba, ndipo ana onse ankamudziwa kuti ndi poto wa Che Mahamudu. Akabwera kudzacheza, nkhuku ankapatsidwa yamoyo kuti azinge okha. Nawo akazi a telalayo, Abiti Ajibu, pa Idi, chikondwerero cha Asilamu, ankatumiza mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Ubwenziwo unali wotero, ndipo a Leah ankadziwa kuti amuna awo, ndi kafunso kawo kaja, analibe mnzawo wina woseka naye chotero.

Chaka china mwezi wa kufunga unathera m'nyengo yokolola. Che Mahamudu anabwera ndi mfundo imene anaisunga kwa nthawi: mwezi umationetsa nkhope imodzi yokhayokha, kumbuyo kwake sitikuona tili pansi pano. Chithunzi anajambula okha, kamwezi kowonda pamwamba pa denga la mzikiti. A Elias atawerenga, lichero la a Leah linaima.

"Imeneyi ituluke pa Idi," anatero Che Mahamudu. "Apongozi anga Che Ajibu akubwera kuchokera ku Mangochi. Aja amati ndimasewera ndi foni ngati mwana. Ndikufuna aone ndi maso awo."

A Elias anaimirira n'kupita pa kalendala. Tsiku la Idi linali lolembedwa ndi inki yofiira ngati maholide ena onse.

"Lachisanu," anatero.

"Mwezi ukaoneka, Abusa."

"Shehe, pano adinda Lachisanu."

"Ee, adinda. Koma ife timayang'ana kumwamba."

Anaseka onse, a Leah n'kubweretsa tiyi. A Elias anaika mwezi pa Lachisanu. Loweruka linali ndi mwini wake kale, mfundo ya mlangizi wina wa ziweto yakuti nkhumba imagubuduka m'matope chifukwa thupi lake silituluka thukuta lokwanira kuiziziritsa. Chithunzi chake chinali cha nkhumba yaikulu itagona chagada m'thope, ikuoneka yokhutira ndi moyo.

Sabata imeneyo a Elias anatenga tchuthi, ndipo iwo ndi a Leah anapita kukakolola kwawo kwa a Leah, kuseri kwa Lirangwe, kwa Chigaru. Kumudziko kulibe magetsi. Foni inazima tsiku lachiwiri, a Elias n'kuiponya m'chikwama osadandaula, poti zonse anali atakonza kale. Anatema mapesi, anaimika mikukwe, anatuta chimanga pa ngolo. Lachinayi madzulo kumadzulo kunachita mitambo, ndipo a Leah anangoti mwina kubwera chiperoni. Palibe amene anaganiza za mwezi.

Zimene zinachitika ku Chileka a Leah anazimva kwa Abiti Ajibu, atakumana pa chigayo atabwerako.

Lachinayi lija mwezi sunaoneke, ndiye kufunga kunapitirira tsiku lina, Idi n'kugwera Loweruka. Che Mahamudu anaimba foni kwa a Elias, osapezeka. Analemba uthenga: Abusa, mwezi wakana, sunthani. Iwo analibe mphamvu yosuntha masiku, inali ya a Elias okha, koma sanakayike, chifukwa mnzawoyo sanaphonyepo kanthu. Lachisanu lonse anali pa makina kumalizitsa mikanjo ndi madiresi a ana, anthu ataima pamzere, moti foni sanaigwire. Mwezi wawo wa m'kabokosi uja unatuluka tsiku limenelo n'kulowa popanda wouona.

Loweruka atachoka ku mapemphero, amuna anakhala pamkeka, mpunga uli pakati. Che Mahamudu anauza onse kuti lero pa tsamba loyamba pali ntchito ya manja awo. Anatsegula foni, ndipo mwaulemu wa mkamwini, maso ali pansi, anaipereka ndi manja awiri kwa mlamu wawo kuti apatsire madala aja, Che Ajibu.

"Achemwali, ine ndinali pakhomo ndi jagi ya madzi," anatero Abiti Ajibu. "Ababa anavala magalasi. Anayang'ana, anayang'ana. Kenaka anaika foni ija pansi, kunja kwa mkeka, n'kunena kuti ndiwapatse madzi asambenso m'manja."

"Mayo ine," anatero a Leah.

"Sanakalipe. Bola akanakalipa. Achimwene anga ndi amene anayamba kuseka, wina mpaka kutsamwa. Pofika madzulo msika wonse unali utamva. Pano anyamata a kabaza akamadutsa pa khonde paja amalira ngati nkhumba."

A Elias anali atadziwa kale. Atangofika kunyumba n'kutchaja foni, uthenga uja unalowa, ndipo a Leah anawaona atakhala pampando duu, chipewa chili m'manja. Anatsegula tsamba, anayang'ana za Loweruka, anayang'ana kalendala. Tsiku lija linali litapita, panalibe chosuntha. Chakudya cha masana chinabwerera m'mbale momwe chinaliri.

"Bambo a Tikondane, kukhala chonchi sikukonza kanthu," anatero a Leah. "Nyamukani tipite."

Anagwira tambala wawo wamkulu n'kumumanga miyendo ndi luzi. Anapeza Che Mahamudu akusoka yunifolomu ya sukulu. Telalayo anaimirira, anawapatsa benchi, analandira tambala ndi manja awiri n'kuthokoza.

"Takulandirani, bambo Sankhani. Mwakolola bwanji?"

A Leah anayang'ana a Elias. Chiyambire sanamvepo Che Mahamudu akutchula amuna awo choncho.

"Shehe, ndalakwa," anatero a Elias. "Munandiuza. Ine ndinamva, koma ndinakhulupirira pakhoma."

"Palibe mlandu. Munali kumunda."

"Ndikanaona chimene chili tsiku lotsatira. Ndikanaisuntha nkhumbayo kupita nayo kutali, ngakhale mwezi wa mawa. Ntchito yanga ndi imeneyo."

"Zatha, bambo Sankhani. Madala anabwerera kwawo."

"Ndiwalembere kalata madalawo, ndifotokoze kuti wolakwa ndine?"

"Kuti aziti mkamwini wawo watuma mkulu wa tchalitchi kuti akamuyeretse? Asiyeni."

Wa kabaza wina anadutsa n'kuliza mphuno. Che Mahamudu sanatembenuke. Anakhala pansi, n'kulowetsa ulusi mu singano mosafulumira.

A Elias anazunguza chipewa m'manja. "Ndipempheko chimodzi. Chaka chamawa masiku onse awiri ndidzawasiya opanda kanthu. Mwezi ukadzaoneka mudzandiimbire. Mudzangoti waoneka, ine ndidzaika yanu ija pa tsiku lake."

Che Mahamudu anaponda makina. Anasoka msoko wonse wa kabudula mpaka kumapeto, anadula ulusi ndi mano, n'kufunsa a Leah ngati chiswe sichinawonongeko chimanga chaka chimenecho.

Kuchokera pamenepo mfundo za Che Mahamudu zinasiya kubwera. Udani panalibe. Ovolosi ikang'ambika ankaisoka bwinobwino, moni ankayankha, pa Khirisimasi anatumiza mwana ndi nthochi. Koma kunyumba sanabwerenso, ndipo poto uja a Leah anamukweza pamwamba pa kabati. Kabokosi kanayamba kuonda. Olemba ena ankatumiza mwa apo ndi apo, ndipo masiku ena a Elias ankabwereza zakale. Akanatha kulemba zawo, poti mitu anali nayo yambiri, koma panalibe woti awaunike, ndipo iwo sakanadumpha lamulo ngakhale panalibe wowaona. Pansi pa mango ankawerengabe mokweza, koma lichero silinkaimanso kawirikawiri.

Kalendala ya chaka chotsatira itabwera, anaipachika monga mwa nthawi zonse, kenaka anatenga pensulo n'kuika kafunso pambali pa tsiku lofiira lija. Mwezi wa kufunga utayamba, anafunsa mlonda wina wachisilamu wa kuntchito kuti awaphunzitse poyang'ana mwezi watsopano. Masiku awiri aja anawasiyadi opanda kanthu. Anzawo a pa intaneti analemba kudandaula kuti tsamba loyamba lidzaoneka ngati nyumba yosamukamo, iwo n'kuyankha kuti malowo ali ndi mwini wake.

Madzulo a tsiku loyembekezeka, dzuwa litangolowa, a Leah anawapeza ataima kumpanda, nkhope ili kumadzulo, foni ili m'manja.

"Abambo, anthu a mpingo akakuonani aziti chiyani?"

"Aziti Sankhani akuyang'ana zolengedwa za Mulungu. Taonani apo, pamwamba pa mtengo wa bulugamawo."

Kanali kamwezi kowonda ngati chikhadabo chowengedwa. Anakayang'ana awiriwo mpaka kanalowa. Chakumsika kunamveka chisangalalo, ana akuthamanga, wina akuimba ng'oma. Foni inangoti zii. M'mawa mwake kabokosi kanatuluka koyera, mutu wokha pamwamba. Masana mbale ya mpunga inafika ndi mwana wa Abiti Ajibu, ndipo a Elias anamufunsa ngati bambo ake anenapo kanthu. Mwanayo anati angoti mbale ibwerere.

A Leah anayesa mbali yawo. Anakamba ndi Abiti Ajibu, amene anati amuna awo akamva za foni amangokweza wailesi. Anazitula m'pemphero kwa amayi a Mvano osatchula maina. Tsiku lina anauza amuna awo kuti angoika mwezi uja okha, poti tsopano akudziwa kuuyang'ana, ndipo mfundoyo inaunikidwa kale.

"Ndikaika ndekha ndiye kuti ndangokonza tsamba," anatero a Elias. "Ine ndikufuna aimbe."

Chaka chinanso anachita chimodzimodzi, ndipo zinatha chimodzimodzi.

Matenda a kuthamanga kwa magazi anali nawo kwa nthawi, mankhwala ankamwa mokhulupirika atawerenga kapepala kake konse. M'mawa wina wa mwezi wozizira anapemphera pakhomo, anakwera njinga, a Leah n'kutenga tsache. Anasesa bwalo lonse, anasesa kuseri, anafika mpaka ku khola la nkhuku. Wenzulo sinalire. Anaimika tsache pakhoma n'kuyamba kuyenda kulowera ku geti la bwalo la ndege, ndipo anakumana ndi anthu awiri a kuntchito akubwera ndi njinga ija, wina ataigwira chiwongolero.

Maliro anakaikidwa ku Mdeka. Kunabwera a mpingo, a kuntchito, ndi mphunzitsi wina wamkazi wa ku Dedza amene a Leah sankamudziwa, amene anati ankalemba nawo m'buku lija ndipo a Elias anamubwezerapo mfundo kambirimbiri. Che Mahamudu anafika m'mamawa pa minibasi yoyamba. Anakhala ndi amuna kunja, ndipo bokosi likupita kumanda analowa pamzere n'kulinyamulako. Pobalalika anabwera pamene panakhala a Leah, anagwada, n'kuvula kofia.

"Alamu, Abusa atisiya."

A Leah anangogwedeza mutu. Anali ndi mawu pakamwa, koma pamaliro si pokambira za foni, ndipo kumbuyo kunali anthu ena odikira kupepesa.

Mfundo zimene a Elias anakonzeratu zinapitiriza kutuluka kwa masabata angapo iwo ali m'manda. Tikondane anaphunzitsa mayi ake potsegula, ndipo m'mawa uliwonse, nthawi imene wenzulo inkalira, a Leah ankakhala pakhonde n'kuwerenga ya tsikulo. Zina ankazikumbukira, ndi ntchito imene manja awo ankagwira pamene anazimva koyamba. Zitatha, mphunzitsi wa ku Dedza uja anatenga ntchitoyo. Ndi munthu waulemu. Anaimba foni kufunsa za masiku awiri amene malemu anasiya atalembapo kuti ndi a Che Mahamudu, ngati awadzaze. A Leah anati awasiye kaye.

Che Mahamudu akadali pa khonde lomwe lija, tsitsi layamba kuyera. Diresi lakuda la a Leah anasoka ndi iwo. A Leah akamadutsa popita kogula tomato amapatsana moni, amafunsana za ana ndi za mvula. Za mwezi sanakambepo.

Mwezi wa kufunga wa chaka chino utafika kumapeto, a Leah anatchaja foni ya amuna awo, imene nambala yake sanaisinthe, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Dzuwa litalowa anapita kumpanda. Maso awo si akuthwa, ndipo sanadziwe ngati chimene anaona pamwamba pa bulugama chinali mwezi kapena kamtambo. Anaima pomwepo mpaka udzudzu unayamba kuluma, dzanja lili pa mfundo ya chitenje, akumva mawu aja mmene ananenedwera pa benchi ya telala, chipewa chikuzungulira m'manja: mwezi ukadzaoneka mudzandiimbire, mudzangoti waoneka.